Mpope Wautali wa Mfuti ya Sankhulani

Dzana ndinapeza mmodzi wa inu kuseri kwa kalasi akukhomera khasu mu mpini. Dzina sinditchula, mwini wake akudzidziwa. Boo la mpiniwo linali laling'ono, msuka wa khasu unali waukulu, koma mnyamata wanga ali khokhokho ndi mwala, thukuta lili kamukamu. Ndinaima poteropo mpaka mpini unang'aluka pakati. Mwambi unali utafika kale pamilomo panga, koma ndinaumeza. Ndimakudziwani ana inu. Miyambi mumailoweza ngati nyimbo, mukangolemba mayeso basi mwaitaya kudzala. Ndiye lero khalani pansi mumve kumene mwambi umenewu unachokera, monga anandiuzira malemu bambo anga. Amene ayambe kusinza ndimutuma kukatunga madzi.

Kalekale, m'mbali mwa mtsinje wa Bua, pa dooko lina lomwe ankalitcha la Nsenjere, kunali mlenje dzina lake Sankhulani. Pamudzipo anali mkamwini, kwawo kunali kuseri kwa phiri. Mkazi wake, Nangondo, anali woumba mbiya. Awiriwa anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana, dzina lake Ndaziona, wa msinkhu ngati wa inu mwakhala kutsogolo kuno.

Sankhulani anali ndi mfuti yomwe anaipeza pamene ankagwira ntchito yaulonda ku esiteti ina ya fodya. Inali mfuti yaifupi, yopepuka, yabwino m'nkhalango yowirira momwe nyama umaiona ili pafupi. Ankaikonda kwambiri. Ankaipukuta ndi mafuta a nsatsi, ndipo palibe amene ankaloledwa kuikhudza, ngakhale kuisuntha posesa.

Tsiku lina m'mawa, nyengo yotentha mvula isanayambe, Ndaziona anatsikira kudooko ndi anzake kukachapa. Anzakewo anangomva khuvu! Potembenuka anaona madzi akuzungulira, nsalu yomwe ankachapa ikuyandama yokha. Ng'ona inali itamugwira. Amuna anathamangira ku mabwato, anafufuza m'mabango kumtunda ndi kumunsi mpaka dzuwa kulowa, mawa lake chimodzimodzi. Sanapeze kanthu.

Tsono mlongo wake wa Nangondo, dzina lake Gwaza, ndiye anali mwini mbumba, ndipo maliro a mwanayo anali m'manja mwake. Gwaza yemweyo ndiye anali wosula zitsulo pamudzipo. Iye anatengera Sankhulani pambali.

"Alamu, mtsinje watimana," anatero Gwaza. "Tiyeni tichite monga ankachitira makolo mtembo ukasowa. Tidule thunthu la nthochi, tilikulunge m'nsalu yake ija, tikaike kumanda. Tikatero timete, mlongo wanga apume."

Sankhulani anayang'ana pansi. Kenaka anafunsa kuti, "Kodi ine ndinabereka nthochi?"

"Ayi alamu, sindikutero."

"Mwana wanga ali m'mimba mwa ng'ona ija. Ndimutulutsamo, ngakhale litakhala fupa limodzi lokha, tikaike iyeyo. Ndipatseni nthawi."

Mukudziwa inu kuti mkamwini salamula maliro. Gwaza akanatha kungonena kuti mawa tikuika, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma anayang'ana maso a mlamu wake, maso ouma gwaa osagwetsa msozi chimwalirire mwanayo, ndipo anagwidwa chisoni. Paja chisoni chidapha nkhwali. Anavomera kudikira.

Choncho maliro anakhala osatseka. Nangondo sakanameta, sakanapita kumunda, sakanakhudza dongo. Ankangokhala pakhonde, nsalu atamanga m'chiuno, kuyang'ana njira ya kudooko. Pamudzi ng'oma siinkalira. Anzake anali kalikiriki kugalauza minda, wake uli thengo.

Ng'onayo inkadziwika. Inali yaikulu, ya chipsera choyera pamphuno. Pamalo pomwe Bua amatambalala kwambiri panali chulu cha mchenga pakati pa madzi, ndipo dzuwa likafika paliwombo inkakwera pamenepo, n'kuyasamula kukamwa, mutu utaloza kudooko komwe inagwira mwanayo. Sinkasintha malo, sinkasintha nthawi.

Kupha ng'ona si kuombera paliponse ayi. Uyenera kuilasa kuseri kwa diso, malo aang'ono ngati chikhatho cha mwana, kuti ifere pomwepo. Ukailasa pena imagwera m'madzi, ndipo iwe ndi iyo mwatsanzikana. Sankhulani anabisala m'nsenjere, anayeza, anaomba. Chipolopolo chinagwera m'madzi, chubwi. Tsiku lina chinafumbula mchenga cha kumchira. Ng'ona osatseka n'kukamwa komwe. Anayesa kuiyandikira pa bwato, koma bwato likangokhudza madzi iyo inkatsetsereka mwakachetechete n'kumira. Zipolopolo zinayamba kuchepa.

"Vuto ndi mpope uwu," anatero Sankhulani, akusisita chitsulo chomwe chipolopolo chimatulukira. "Ndi waufupi. Utakhala wautali, chipolopolo chikanayenda molunjika mpaka kukafika."

Anauyamba ulendo wapansi wa kuboma, komwe kunali sitolo yogulitsa zida za alenje. Mwini sitoloyo, bambo wachikulire wa magalasi okhuthala, anaitembenuza mfutiyo uku ndi uku, kenaka anapukusa mutu.

"Bambo, mfuti yanuyi ndi ya mtundu wodzikonda. Onani apa pomwe mpope umalowera m'thupi la mfuti. Pali mano opota ngati chigoba cha nkhono. Mfuti iliyonse ili nawo, koma amene anapanga iyi kutsidya la nyanja anadula mano ake mwa njira yawoyawo. Anachitira dala, kuti kanthu kakaonongeka muzibwerera kwa iwo okha. Mpope wa mfuti ina sungalowe apa."

"Ndiye ndiitanitsireni wautali kwa eni akewo."

"Wautali sapanga. Anaiyeza mfutiyi, anaona kuti thupi ili likhoza kusenza mpope uwu basi."

"Nanga wina atadula mano atsopano?"

Mwini sitolo anavula magalasi n'kumuyang'anitsitsa. "Pamenepa ndi pomwe moto wonse umaphulikira, bambo. Ndipo pamenepa ndi pomwe inu mumaika tsaya lanu. Ndanena."

Sankhulani anathokoza n'kutuluka. Koma sanalowere njira ya kwa mkazi wake. Analowera kuseri kwa phiri, kwawo.

Kumeneko kunali manda a malume ake, a Chikwasa, amene anamuphunzitsa ulenje. A Chikwasa anabwera kuchokera kunkhondo ndi mfuti yaitali yoti akaimika inkawafika pachibwano. Tsono ana inu, amene munalowapo kumanda akale munaona mbale, makapu ndi miphika zili pamitumbira, zonse zobooka pansi. Si chiswe chinaboola. Ndi adzukulu, anthu oika maliro aja. Chinthu cha womwalira amachipha kaye asanachisiye pamanda, kuti chitsagane ndi mwini wake ndipo wamoyo asadzachigwiritsenso ntchito. Mfuti ya a Chikwasa nayo anaipha. Mtengo wake anautentha. Mpope, poti ndi wobooka kale, anauphwanya mano ndi nyundo n'kuuzika kumutu kwa manda.

Sankhulani analowa kumandako masana dzuwa lili paliwombo, yekhayekha, osapempha kwa munthu. Nyenje zinali kulira m'mitengo monga zimachitira nyengo imeneyo. Atangoponda mkati, zonse zinangoti zii nthawi imodzi. Ankamva masamba ouma akuphwanyika kumapazi kwake ndi mtima wake ukugunda, basi. Mpope uja anaupeza uli chiimire, chiswe chitaumata dothi mpaka pakati.

Anagwada n'kuomba m'manja. "Pepani malume. Ndikungobwereka."

Anaugwira n'kukoka. Unakana. Anakokanso ndi mphamvu zake zonse, koma zinali ngati pansipo pali wina amene waugwira. Kenaka, iye atasiya kukoka kuti apume, unangozuka wokha mofewa, ngati wogwira uja wanena kuti chabwino, tenga uone. Sankhulani anagwa chagada. Atadzuka anauika paphewa n'kutuluka osacheuka, ndipo nyenje zinayambanso kulira iye atafika kunjira.

Atafika kunyumba, galu wake Adzatopa, amene ankamuchingamira patali masiku onse, ananunkhiza kamodzi n'kukalowa pansi pa nkhokwe. Sankhulani anatsamiritsa mpope uja kukhoma. Kamphepo kakadutsa, unkalira motsitsa, huuu, ngati munthu akuuzira m'botolo. Nangondo anaona dothi lofiira la chiswe, anaona galu, ndipo sanafunse kuti chachokera kuti.

"Bambo a Ndaziona," anatero motsitsa mawu, "m'nyumba muno muli kale maliro amodzi. Mwabweretsanso ena?"

"Ndi chitsulo chabe ichi."

"Bwezani kumene mwachitenga. Ndataya mwana, ndisatayenso inu. Tiyeni tiike nthochi ija, ine ndatopa."

M'mawa mwake Sankhulani ananyamula mfuti ndi mpope kupita kwa Gwaza, amene anali pa chipala chake chosulirapo zitsulo pansi pa mtengo wa mango, akupopa mvukuto. Gwaza anapala dothi lija, anatsuka dzimbiri, kenaka anaima pa mano aja. Anawayang'ana, anawakhudza ndi chala.

"Alamu, mano awa sanadyeke ndi dzimbiri. Awa anachita kuphwanyidwa ndi nyundo." Gwaza anadzutsa mutu. "Munapita kumanda."

"Dulani ena."

"Eni ake a mfuti yanu anakana. Adzukulu nawonso anakana. Mukufuna ine ndivomere zimene akana amoyo ndi akufa omwe? Ndikapala apa, chitsulo chitsala chopyapyala."

"Mwana wa mlongo wanu akuola m'mimba mwa chilombo," anatero Sankhulani, "ndipo inu mukuwerenga mano a chitsulo?"

Mawu amenewo analasa Gwaza pamtima. Nayenso mwanayo ankamukonda, ankamusulira timakasu tosewerera. Anatenga tupa n'kuyamba kupala. Ine pamenepa ndimakwiya, ana inu, nthawi iliyonse ndikamafotokoza nkhaniyi. Munthu wodziwa bwinobwino kuti izi n'zolakwika, n'kuchita chifukwa choopa kukhumudwitsa wolira! Koma sindimuweruza kwambiri. Kukaniza munthu woferedwa n'kovuta, mudzaona mukadzakula.

Anapala tsiku lonse. Anamasula mpope waufupi uja, womwe unatuluka bwinobwino osavuta, n'kuika wautali. Unalowa pang'ono n'kuima. Anathira mafuta, unakana. Anautenthetsa pamoto, unakana. Mapeto ake anapanikiza mfutiyo pa mphanda ya mtengo, anamangirira mtengo wina kumpope, n'kuyamba kupotokola awiri, mitsempha ili tololo m'khosi. Chitsulo chinalira. Koma kulira kwake sikunali kwa chitsulo ayi. Kunali kowonda, kotalika, ngati mwana akuitana ali kutali. Nangondo anatuluka m'nyumba akuthamanga, maso ali mwazumwazu, kufunafuna komwe kwachokera mawuwo. Ataona amuna awiri aja ndi mfuti yawo, anangotembenuka n'kubwerera.

Mpope unalowa. Gwaza anatenga khala n'kulemba mzere umodzi wodutsa polumikizira paja, kuyambira pampope mpaka pathupi la mfuti. "Mzere uwu ukadzasiyana, musadzaombe," anatero, osamuyang'ana mlamu wake kumaso.

M'mawa mwake mzere uja unali utasiyana. Mpope unali utabwerera m'mbuyo pang'ono, ngati wina anaupotokola.

"Amake Ndaziona, mwakhudza mfuti yanga?"

"Ine? Kukhudza chinthu cha kumanda?"

Sankhulani anaubwezera pa mphanda ija. Kutacha, mzere unali utasiyananso. Osula zitsulo amene ndinawafunsa amati chitsulo cholowa mokakamiza chimafuna kubwerera, palibe chodabwitsa. Bambo anga ankati a Chikwasa ankafuna chinthu chawo. Musankhe nokha chomwe mukhulupirire. Chomwe ndikudziwa n'chakuti Sankhulani sanamve chilichonse mwa ziwirizi. Anakulunga polumikizira paja ndi waya, pamwamba pake anavekapo chikopa chachiwisi cha mchira wa ng'ombe, n'kuchiyanika padzuwa kuti chikauma chigwire nganganga. Mzere wa khala uja unabisika, ndipo poti sankauonanso, mtima wake unakhala pansi. Kuiyesa kaye mfutiyo sanafune, poopa kuononga zipolopolo zomwe zinali zitatsala pang'ono kutha.

Pamene chikopa chinkauma, mitambo inali itayamba kusonkhana kumapiri. Aliyense ankadziwa kuti mvula ikangogwa kumtunda, Bua adzadza, mchenga uja umira, ndipo ng'ona siidzaonekanso mpaka chaka chamawa.

Tsiku lomwe anasankha kukaombera, kunacha kotentha modabwitsa, kopanda ndi kamphepo komwe. Achibale ena obwera kudzapepesa anali atasiya fupa la mwendo wa ng'ombe, lalitali, la nyama pang'ono. Nangondo anafuna kuti mwamuna wake amwe msuzi asanapite. Anatenga kamphika kakang'ono, kokhota pang'ono, kakamwa kopapatiza, komwe ankaphikira ndiwo masiku onse chiyambire maliro, ngakhale kuti m'nyumbamo munali miphika ina yabwino yoposa ako. Fupa linalowa theka n'kukakamira pakamwa.

"Bambo a Ndaziona, tandidulirani fupali ndi nkhwangwa."

Sankhulani anali pakhomo, mfuti ili kale paphewa, maso ali kumitambo. "Nthawi imeneyo ndilibe. Likankheni lilowa."

"Silikulowa."

"Aaa, inunso!" Anabwera msangamsanga, anaika chikhatho pamwamba pa fupa n'kutsindikiza ndi thupi lonse.

Phwaa! Kamphika kanagawika. Madzi anazimitsa moto, utsi ndi phulusa zinangoti fuu m'mwamba.

Nangondo sanakuwe. Anagwada pansi n'kuyamba kutola mapale limodzilimodzi, ngati akutola mazira. Amayi awiri oyandikana nawo nyumba, amene anabwera atamva phokosolo, anamumva akunena motsitsa, osayang'ana munthu: "Fupa lokakamiza laswa mphika." Kenaka anadzutsa mutu. "Musapite. Ndapota nanu, musapite."

"Mphika ndi dongo, mudzaumba wina," anatero Sankhulani, n'kutuluka. Galu sanamutsatire.

Anakabisala m'nsenjere pamalo ake aja. Dzuwa litafika paliwombo ng'ona inakwera pamchenga, inayasamula, mutu kuloza kudooko. Mpope wautali uja unali wolemera, ndiye anausanjika pa mphanda ya kamtengo. Anaika tsaya lake pamfuti. Anthu amene ankaonerera ali patali anati mtsinje wonse unali duu, kopanda mbalame, kopanda chule. Anati chinthu chokha chomwe chinkamveka chinali kulira kuja, huuu, kuchokera kumpope, pamene mphepo kunalibe.

Nangondo anali adakali chigwadire pamoto wozima uja pamene anamva. Mudzi wonse unkadziwa kulira kwa mfuti ya Sankhulani, koma uku sikunali kulira kumeneko. Kunali phwaa, monga momwe kanalirira kamphika m'mawa uja, kungoti mokweza. Anadzuka n'kuthamanga, mapale ali m'nsalu.

Anamupeza atakhala pansi, atatsamira kamtengo kaja. Mfuti inali itang'ambika pomwe paja anailumikiza, waya ndi chikopa zitamwazika. Manja ake anali bwinobwino, zala zonse zilipo. Koma nkhope yonse inali magazi, ndipo pomwe panali maso panalibenso maso.

"Ndailasa?" ankafunsa, akutembenuza mutu uku ndi uku. "Tandiuzani anthu inu, ndailasa?"

Onse ankayang'ana pakati pa mtsinje. Ng'ona inali pomwepo, siinasunthe ndi phokoso lonse lija. Inakhala choncho kanthawi, kenaka inatseka kukamwa pang'onopang'ono, inatembenuka, n'kulowa m'madzi. Madzulo a tsiku lomwelo mvula inagwa kumapiri, ndipo kutacha mchenga uja kunalibe.

Mpope wautali uja anaufunafuna m'mabango monse, sanaupeze. Patapita masiku, munthu wina wochokera kuseri kwa phiri anati adzukulu a kumeneko, popita kukakumba manda ena, anauona uli chiimire kumutu kwa manda a Chikwasa, chiswe chitaumata dothi mpaka pakati ngati sunachokepo. Anthu anati ndi Gwaza anaubweza mobisa. Gwaza analumbira mpaka tsiku la imfa yake kuti iye sanaukhudze. Ndipo kuyambira pamenepo sanalolenso mfuti ya munthu aliyense kufika pa chipala chake.

Mabala atayamba kupola, Sankhulani anaitanitsa mlamu wake. "Dulani nthochi ija," anatero.

M'mawa wa tsiku loika maliro, iye ali pamphasa pakhonde, nsalu itamangidwa kumaso, Nangondo anabwera n'kukhala pambali pake. Anamutenga dzanja n'kuikamo kanthu.

"N'chiyani ichi?"

"Phale. La kamphika kaja munaswa. Tapapasani m'khosimo."

Sankhulani anayendetsa chala chake m'mphepete mwa phalelo. Munali timaenje ting'onoting'ono tondondozana, tina tozama, tina tosazama, tosalingana bwino. Anayesa kulowetsamo chala chake, koma chinakula.

"Chala chanu si chaching'ono chonchi," anatero.

"Si changa."

Sankhulani anafumbata phalelo.

"Ndi mphika wa Ndaziona, woyamba kutuluka pamoto osasweka," anatero Nangondo. "Anaumba mwezi womwe uja ng'ona inamugwira. Anathamanga nawo kudzakuonetsani, inu munali kupukuta mfuti, munangoti wachita bwino osadzutsa mutu. Ine ndakhala ndikuphikiramo tsiku lililonse, kuti ndizigwira pomwe anagwira iye. Inu munkafuna fupa lake limodzi kumtsinje. Zala zake zonse zinali m'nyumba muno, munkadyeramo."

Pamenepo Sankhulani analira. Munthu amene sanalire tsiku lomwe mwana anagwidwa, amene sanalire maso ake ataphulika, analira mokweza mpaka anthu amene anali kukulunga thunthu la nthochi anasiya n'kuweramitsa mitu. Ankangoti, "Mwana wanga, ndakuswa ndine. Ndakuswa ndine."

Mapale aja anawakulunga m'nsalu pamodzi ndi thunthu la nthochi, n'kukaika kumanda. Limodzi lokha, la timaenje tija, Nangondo anamusiyira. Akuti anakhala nalo m'thumba la malaya mpaka ukalamba wake, ndipo timaenje tija tinachita kusalala chifukwa chopapasidwa.

Amayi awiri aja amene anamva mawu a Nangondo pamoto sanawaiwale. Anawanena kudooko, ena anawatengera kumidzi ina, ndipo mpaka lero timati: fupa lokakamiza limaswa mphika.

Tsono tamverani tanthauzo lake, poti pa mayeso mumangolemba kuti "kukakamiza n'koipa" n'kuganiza kuti mwamaliza. Mwambiwu sukunena kuti fupa n'loipa. Chomwe Sankhulani ankafuna sichinali choipa. Ndani safuna kuika mwana wake m'manda? Koma chinthu chikakana kulowa, chikukuuza kanthu. Mano a mfuti anamuuza, mwini sitolo anamuuza, manda anamuuza, mzere wa khala unamuuza, mkazi wake anachita kumugwadira. Iye chilichonse chomwe chinkamuchenjeza ankachikulunga ndi chikopa kuti asachione. Ndipo onani bwino chomwe chimasweka. Fupa silisweka ayi, limatsala lili gwaa pa phulusa. Chimasweka ndi mphika, chinthu chomwe unali nacho kale, chomwe chinkakudyetsa. Ukakakamiza mwana ntchito yomwe mutu wake ukukana, umaswa mwanayo. Ukakakamiza ukwati, umaswa anthu awiri. Ukakakamiza mnzako kuti akuchitire chomwe akudziwa kuti n'cholakwika, umaswa chibale, monga Gwaza amene sanathenso kumuyang'ana mlongo wake kumaso. Nthawi zambiri umadziwa mtengo wa mphikawo uli kale mapale.

Ndiye iwe wa khasu uja, usabise nkhope, tonse takudziwa tsopano. Mawa ukadule mpini wina. Msuka uja ukauike pamoto mpaka ufiire, uusiye udziboolere wokha njira pang'onopang'ono. Ukakanabe, usatole mwala. Ubwere udzandifunse, maso ako adakali awiri.